Tingadziwe bwanji zomwe zimawavuta anthu pa chikondwerero?

Nachisale wa ku Matawale: Akuluakulu, komiti yathu ikukonza chikondwerero cha nyimbo ndi magule muno mu Zomba mwezi wa Okutobala. Tikuyembekezera anthu ngati 3,000. Tikufuna kudziwa zenizeni zomwe zimawasowetsa mtendere anthu obwera, osati zongoganizira. Tiyambire pati?

Che Jafali: Mayi, yambirani pageti, poti mkwiyo umayambira pomwepo. Ngati kusecha munthu mmodzi kukutenga masekondi 15, mzere umodzi umalowetsa anthu 240 pa ola. Anthu 3,000 akafika mkati mwa maola awiri, mukufunika mizere 7, ndipo ina ikhale ya amayi, osechanso akhale amayi. Kuti mudziwe kutalika kwa nthawi yomwe anthu akuima pamzere, mpatseni munthu womalizira pamzere kakhadi kolembedwa nthawi, akapereke akafika kutsogolo. Muzichita zimenezi pa mphindi 30 zilizonse, kuzimbudzi ndi kogulitsira zakudya komwe. Airtel Money ndi Mpamba musazidalire zokha, netiweki imalema anthu akadzadza malo amodzi. Pakhale tebulo la kashi lokhala ndi chenji chokwanira.

Nangozo: Zoona achimwene. Pa mafunso ofunsa anthu obwera, achemwali, asapitirire asanu, ndipo muzifunsa pamene anthu akutuluka. Wofunsa aziimitsa munthu wa nambala 10 aliyense, apo ayi amangosankha anzake ndi omwe akumwetulira. Musafunse kuti "mwasangalala?", Mmalawi amangoti eya chifukwa cha ulemu. Funsani kuti "chakutopetsani kwambiri n'chiyani lero?" Pakhale wina wodziwa Chiyao. Omwe akutuluka kusanade ndiwo ofunika kwambiri, chifukwa pali chomwe chawathamangitsa. Fomu ya pa WhatsApp imangofikira achinyamata okhala ndi bandulo, agogo ochokera ku Domasi simuwamva.

Bambo Phiri, Chinamwali: Zina simufunika kafukufuku. Okutobala dzuwa limaswa mtengo, ndiye matenti a mthunzi ndi madzi akumwa zikhalepo chiyambire m'mawa. Zimbudzi za amayi zichuluke kuposa za abambo, pakhomo pake ndowa za mpopi, sopo ndi madzi othira klorini, komanso munthu wozidzaza. Magetsi a potulukira akhale pa jenereta. Akabaza muwapatse malo awoawo kutali pang'ono ndi geti, chifukwa akaunjikana pakhomo ambulansi yopita ku chipatala cha Zomba Central imasowa podutsa.

Nachisale wa ku Matawale: Zikomo nonse. Za kakhadiko ndikazitula ku komiti Loweruka. Che Jafali, ogawa makhadi akhale angati?

Che Jafali: Mmodzi pa malo aliwonse, wokhala ndi wotchi ndi kope.