Kulumikiza ma sump awiri pansi pa thanki ya nsomba za m'madzi amchere

Wa_ku_Durban:

Moni nonse. Ndili ndi thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere ndi makorali ochepa, yotalika masentimita 120, mulifupi 50, ndipo imalowa madzi pafupifupi malita 300. Kabati imene yanyamula thankiyi ili ndi mzati pakati, choncho sump (thanki yosefera madzi yokhala pansi pa thanki ya nsomba) imodzi yaikulu singalowe pokhapokha nditaphwasula zonse. Ndapeza mathanki awiri agalasi a malita 60 imodzi, ndipo ndikufuna kuti yoyamba ikhale ya skimmer (chipangizo chochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu) ndi nsalu zosefera, pamene yachiwiri ikhale yobzalamo ndere za Chaetomorpha komanso yokhalamo pampu yobwezera madzi pamwamba, imene imakankha malita 2,000 pa ola. Maganizo anga anali oti ndiike pampu ina yofanana nayo kuti izichotsa madzi mu sump yoyamba kupita mu yachiwiri, chifukwa ndikuopa kuboola galasi. Kodi njira imeneyi ingatheke? Ndikufunsa makamaka chifukwa kuno magetsi amazima kawirikawiri, ndipo nyumbayi ndi ya lendi.

Mkonda_Makorali:

Achimwene, ganizo la mapampu awiri lisiyeni msanga. Ngakhale mutagula mapampu a kampani imodzi tsiku limodzi, sangakankhe madzi ofanana, chifukwa ina ikukweza madzi mtunda woposa mita pamene inzake ikungowasuntha pang'ono chabe, komanso iliyonse imada ndi kufooka pa nthawi yake. Zikasiyana ndi lita imodzi yokha pa mphindi, ndiye kuti pa ola limodzi malita 60 asamukira mbali imodzi, ndipo imeneyo ndi sump yanu yonse. Ina idzasefukira pansi, ina idzaphwa mpaka pampu kupsa. Ena amayesa kulinganiza ndi valavu, koma zimayenda masiku ochepa basi.

Pampu yobwezera madzi ikhale imodzi, ndipo madzi aziyenda okha kuchoka mu sump yoyamba kupita mu yachiwiri. Muboole mathanki onse awiri m'mbali zoyang'anizana, chakumunsi, muikepo ma bulkhead (zolumikizira zomanga pabowo kuti paipi ilowe popanda kudontha), kenaka mulumikize ndi paipi ya PVC. Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa kukula kwa paipi. Madzi otsika kuchokera m'thanki yapamwamba amabwera ndi mphamvu, koma odutsa pakati pa ma sump awiri okhala pa mulingo umodzi amangokankhidwa ndi kusiyana kwa masentimita ochepa, ndiye paipi ikachepa madzi amakwera mu sump yoyamba mpaka kufika pakamwa. Kamwa la paipi ya mamilimita 50 limaposa kanayi la paipi ya mamilimita 25, osati kawiri monga amaganizira ambiri. Pa malita 2,000 pa ola ine ndikanaika mapaipi awiri a mamilimita 40 kapena 50, kuti imodzi ikatsekeka ndi nkhono kapena ndere, inzake ipirire mpaka mutazindikira. Pakati muikepo kachidutswa ka paipi yofewa, chifukwa thabwa la kabati limawerama pang'ono likalemedwa, ndipo paipi youma imapanikiza galasi pabowopo mpaka kuling'alula. Zolumikizira zonse zikhale zapulasitiki. Za mkuwa musazigule ngakhale zitatsika mtengo, pakuti mkuwa umapha makorali, nkhono ndi nkhanu.

Mayi_wa_Nsomba:

Ndikugwirizana ndi bambo ayankhawa pa nkhani ya pampu, koma pa kuboola chakumunsi ndili ndi maganizo ena. Mathanki awiri olumikizidwa pansi amakhala ngati thanki imodzi, kotero madzi akamaphwa, mulingo umatsika konsekonse, pamene skimmer imafuna kuti kuya kwa madzi kusasinthe. Kukasintha, thovu lake mwina limasefukira kapena silikwera n'komwe. Kwanga ndinakweza sump yoyamba pa thabwa la masentimita 10, ndipo ndinaiboola chakumtunda kuti madzi azigwera mu yachiwiri. Mwa njira imeneyi mulingo wa mu sump yoyamba sumasuntha. Ngati mukufunabe kulumikiza pansi, mumatemo galasi lotchinga m'chipinda cha skimmer kuti madzi azidutsa pamwamba pake.

Tsopano za magetsi, zimene ndikuona kuti ndizo zofunika kwambiri kwa inu. Pampu ikaima, madzi a m'thanki yapamwamba amatsikabe mpaka atafika pansi pa mano a overflow (potulukira madzi opita ku sump) komanso pakamwa pa paipi yobwezera. Pa thanki ya 120 ndi 50, sentimita iliyonse ndi malita 6, ndiye akatsika masentimita atatu mwalandira malita 18, ndipo pamwamba pa amenewa palinso otsala m'mapaipi ndi mu skimmer. Pa kamangidwe kangaka pafupifupi onsewo amathera mu sump yotsika, ndipo apa ndivomereze kuti njira ya bambowa imapambana, chifukwa mathanki awiri amagawana katunduyo. Muboole kabowo kakang'ono pa paipi yobwezera, pansi pang'ono pa mulingo wa madzi, kuti mpweya ulowe ndi kudula kukoka kwa madzi obwerera, ndipo muzikatsuka chifukwa mchere ndi ndere zimakatseka. Valavu yoletsa madzi kubwerera musaidalire yokha, imakanika ndi kamchenga kamodzi. Musanaikemo mchere, yesani ndi madzi wamba, muzimitse pampu dala katatu, mulembe mzere pagalasi posonyeza malire amene simuyenera kupitirira podzaza.

Wa_ku_Durban:

Zikomo kwambiri akuluakulu, ganizo la pampu yachiwiri ndalitaya. Koma nanga paipi yopindika yodutsa pamwamba pa milomo ya mathanki awiriwo, yokoka madzi yokha popanda kuboola, siingandithandize?

Mkonda_Makorali:

Ndinayamba ndi imeneyo, ndipo inagwira bwino miyezi ingapo. Tinthovu ta mu skimmer tinkasonkhana pang'onopang'ono pamwamba popindikapo, mpaka usiku wina mpweya unadula madzi, pampu inapitiriza kukweza a mu sump yachiwiri, yoyamba nkusefukira. Ndinadzuka kapeti yanyowa ndi madzi amchere, ndipo mwini nyumba anandidula ndalama ya dipoziti. Kuboola sikovuta monga mukuopera. Pamafunika choboolera chozungulira cha dayamondi, madzi oziziritsa ndi dzanja losafulumira, ndipo bowo litalikirane ndi m'mphepete mwa galasi mtunda wosachepera kukula kwa bowolo. Gulani bulkhead poyamba, muyeze, kenaka mugule choboolera, chifukwa bowo limakula kuposa paipi. Chinthu chimodzi mutsimikize ndi chakuti galasilo si la tempered (lolimbitsidwa ndi moto), chifukwa limenelo limaphwanyika lonse mukangoliyamba. Ogulitsa magalasi angakuyezereni, ndiponso ambiri amaboola pa mtengo wochepa.

Mukamaliza, kachipangizo kothira madzi obwezeretsa ophwawo kakhale m'chipinda cha pampu yobwezera, popeza kuphwa kumaonekera mmenemo, ndipo kazithira madzi opanda mchere osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis), kuti mchere ukhazikike pa 1.025 kapena 1.026 pa muyeso wa kulemera kwa madzi amchere. Nyale ya ndere zanu muziiyatsa usiku pamene ya pamwamba yazima, kuti pH (muyeso umene umatsika asidi akachuluka m'madzi) isamatsike kwambiri mbandakucha.