Chigongono chikuwapweteka mayi anga, kodi mpaka opaleshoni?

Wa ku Chitakale:
Abale ndithandizeni. Mayi anga amathyola tiyi ndiye chigongono cha kumanja chikuwapweteka pa kafupa kakunja kaja, kunyamula ketulo ndi vuto, kufinya zovala ndiye osanena, ululu umachita kutsika mkono wonse. Kuchipatala anati ndi tennis elbow. Pano agogo akuti akatemedwe mphini, amalume akuti apite ku Queens akapange opaleshoni basi zithe. Ine mutu wangoima, usiku mayiwo sakugonanso bwino.

Kalipentala wa ku Luchenza:
Pepani achimwene, ine zinandigwirapo chifukwa cha hamala ndi sowo. Zimachedwa kupola koma zimapola ndithu. Chinandithandiza ndi kalamba kolimba komanga pamkono, zala zitatu kumunsi kwa chigongono, pogwira ntchito pokha. Komanso ponyamula zinthu chikhatho chiziyang'ana kumwamba, muona kusiyana. Za mphini ayi, vutolo lili mkati, mungowawonjezera zilonda.

Mayi wa mafizo:
Mwanawe uwauze amalume asathamangire mpeni. Chimachitika ndi choti mtsempha womwe umalumikiza minofu yotukula dzanja ku fupa lija umang'ambika pang'onopang'ono chifukwa chogwira ntchito imodzimodzi tsiku lonse, kuthyola, kulima, kusinja, ndipo zimakonda anthu a zaka 30 mpaka 50. Pafupifupi 9 mwa anthu 10 amachira pakatha chaka popanda opaleshoni, ena zimawatengera mpaka zaka ziwiri.

Tsiku lililonse aike mkono patebulo, dzanja lilendewere m'mphepete mwa tebulolo chikhatho chiyang'ane pansi, agwire botolo la madzi la 500ml, alitukule mothandizidwa ndi dzanja linalo kenako azilitsitsa okha mwapang'onopang'ono, ka 10 mpaka 15, apume, abwereze katatu. Kuwawa pang'ono si vuto koma kukanyanya achepetse madziwo. Diclofenac wopaka ndi bola, Brufen asamwe masabata ambiri makamaka ngati ali ndi zilonda zam'mimba kapena BP. Jakisoni wa steroid wobaya pachigongono uja ine sindimukonda kwenikweni, ululu umatha masabata ochepa munthu nkubwerera kumunda mwamphamvu, kenako umabweranso ndipo pakatha chaka ambiri sakhala bwino kuposa omwe sanabayitse.

Wa ku Chitakale:
Zikomo amayi. Koma kupuma ndi kovuta, mvula ikayamba masamba amachuluka ndipo ndalama zimatengera makilo omwe wathyola, akakhala pansi tidya chani. Nanga opaleshoniyo imafunika liti?

Mayi wa mafizo:
Ndikumvetsa, sindikunena kuti asiyiretu ntchito. Apemphe kalata kuchipatala akawonetse akapitawo kuti mwina awapatse ntchito yopepukirapo kwa kanthawi, ndipo inu ana muwalandire kuchapa ndi kutunga madzi, chonde. Opaleshoni amaiganizira miyezi 6 mpaka 12 ikadutsa mafizo osathandiza, adokotala amachotsa mbali yowonongeka ya mtsemphayo, koma pambuyo pake ntchito yolemetsa imadikirabe miyezi ingapo. Yambirani pachipatala cha boma ku Mulanje konko mufunse a mafupa, ndi omwe angakutumizeni ku Blantyre. Chigongono chikatupa nkumatentha, kapena zala zikayamba dzanzi, musadikire pitani msanga chifukwa mwina ndi vuto lina.