Ndalama za madala a ku Mufakose: dimba kapena chisakasa cha osema?

Mlembi: Moni nonse a kwathu ku Mtakataka amene muli muno mu Harare. Madala athu a ku Mufakose aja agulitsa galimoto yawo ndipo apereka madola 800 ku gulu, akuti zikagwire ntchito kumudzi iwo akadali moyo adzaone ndi maso awo. Ndalama zafika dzulo, zili kwa a msungichuma. Maganizo alipo awiri, dimba la amayi kumtsinje kuja kapena chisakasa cha anyamata osema pamsewu. Tikambirane mwaulemu chonde.

Mayi a ku Highfield: Ambuye awadalitse madalawa, awaonjezere masiku

Amalume a ku Epworth: Tisanafike ku dimba kapena chisakasa ine ndifunse kaye, matumba 40 a simenti aja ali kuti? Tinasonkha tonse pano, enafe tinachita kuchedwetsa fizi ya ana, koma mpaka lero pamjigo paja ndi chithaphwi, ng'ombe zikumwera pomwe amayi akutungira madzi. Chomwe tinalandira ndi chithunzi cha matumba ataunjikidwa pakhonde la munthu basi, risiti sitinaione

Msungichuma: Amalume za simenti tinakambirana kale ku miting'i, ndipo nthawi imeneyo udindowu sunali wanga

Amalume a ku Epworth: Sindikuti mwadya ndinu achimwene ayi, koma buku lomwe munalandira ndi lomwelo. Tsegulani tsamba limenelo mujambule muike pano tonse tione

Achemwali a ku Dzivarasekwa: Ine ndili ku chisakasa. Ndinali kumudzi mu Ogasiti, mwana wa achimwene anga amasema pansi pa mtengo wa mango, zida zake ndi sompho, tchizulo ziwiri ndi sandipepa wothaitha. Wasema mayi wobereka mwana kumsana, mlungu wathunthu akupala, kenako wapaka polishi wa nsapato mpaka kuwala, koma poika palibe. Dzuwa la kwathu lija mukulidziwa, chiboliboli chikakhala panja chimang'aluka, mvula ikabwera ndiye kuthamanga nazo m'masaka. Alendo opita ku Kungoni ku Mua amadutsa pamsewu pomwepo, akanakhala ndi malo ooneka bwino bwenzi akuima. Luso limenelija silinagwe kumwamba, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976 ndipo anthu ambiri a kwathu anaphunzira kusema kumeneko, ife tikungolisiya lifere pansi pa mango

Amalume a ku Epworth: Achemwali mwalankhula zoona, mwanayo luso ali nalo ndinaona ntchito zake. Koma mundimvere. Ine ndagwira ntchito ya m'galadeni ku Mount Pleasant zaka 31, manja angawa amadziwa dothi kuposa cholembera, ndiye ndikamanena za dimba sindikulota. Chiboliboli chimatha kukhala miyezi itatu osagulidwa, pamene mpiru ukafesa lero pakatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi wayamba kuthyola, ndipo ndiwo munthu amagula tsiku ndi tsiku kaya kuli alendo kaya kulibe. Chilala cha 2024 chija tonse tinali pa Mukuru mwezi ndi mwezi kutumiza za chimanga, mabanja amene sanatilirire kwambiri ndi amene anali ndi kadimba kumtsinje, amagulitsa matimati ndi anyezi nkugula ufa. Amayi aja panopa akuthirira ndi makeni, kutsika kumtsinje kukwera, kutsika kukwera, mlamu wanga msana unatha ndi zomwezo ndipo bedi zake ndi zisanu zokha chifukwa mphamvu zimathera ku madzi. Tikagula pampu, kaya ya sola kaya yopalasa ndi miyendo ija, ndi mapaipi, nkumanga mpanda wolimba chifukwa mbuzi za kwathu zimatha dimba lonse usiku umodzi, amayi khumi akhoza kulima kuyambira Epulo mvula ikangosiya mpaka Okutobala osapuma

Amalume a ku Epworth: Ndipo musawerengere feteleza, chitsikire kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 thumba sakuligwiranso munthu wamba. Manyowa alipo, ndowe za mbuzi, zitosi za nkhuku, phulusa, mapesi, kuunjika nkumathirira nkumatembenuza mpaka ziwolerane. Ndikapita ndikawaonetsa ndekha, thiransipoti yanga ndidzilipirira

Amalume a ku Epworth: Chinanso achemwali, anyamatawo adzasema chiyani zaka zikubwerazi? Mlombwa ndi phingo zatha, makala anamaliza mitengo, mtengo wabwino akuchita kuutsata kutali kumapiri. Pakona pa dimba tikaike nazale ya mbawa ndi mlombwa, madzi akhala alipo kale. Pamenepo osemawo tawathandizanso

Mnyamata wa ku Mbare: Pepani akuluakulu ndiyankhuleko. Agogo anga anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, ndipo ku Tengenenge kufupi ndi Guruve komwe Tom Blomefield anayambitsa zosema miyala mu 1966 ena mwa osema oyambirira anali anthu a m'mafamu ochokera ku Malawi. Lero miyala ya kumeneko ikupita kunja. Chinawathandiza ndi malo amodzi oti wogula awapeze. Chisakasa si chinthu chaching'ono amalume

Bambo a ku Glen View: Iwe wabadwira konkuno, ku Mtakataka unapitako kangati? Za kumudzi uzisiyira ife

Mnyamata wa ku Mbare: Ndinapitako kawiri bambo, ku maliro a agogo ndi kukamanga chiliza. Ndipo mwezi uliwonse ndimasonkha ngati wina aliyense, funsani a msungichuma

Amalume a ku Epworth: Bambo a ku Glen View pamenepo mwalakwa. Mwanayu pa simenti paja anapereka, ndinalipo ine akupereka. Posonkha timati ndi mwana wathu, polankhula tiziti ndi mlendo? Mwana wanga lankhula, ngakhale sindikugwirizana nawe

Bambo a ku Glen View: Ine ndimangonena kuti dothi la kumeneko salidziwa

Achemwali a ku Dzivarasekwa: Chisakasacho chikhoza kukhalanso ndi kachipinda kosungiramo ng'oma, mbalule ya m'mudzi mwathu chikopa chinadyedwa ndi makoswe chifukwa imangogona m'khitchini mwa munthu

Mayi a ku Highfield: Aaa ngati ndi za gule ine ndalama yanga isapiteko, ndine wa mpingo ine. Poyamba munati osema, tsopano zafika ku ng'oma

Achemwali a ku Dzivarasekwa: Amayi ng'oma imalira pa chimtali, pa ukwati, ngakhale kwaya ya ku tchalitchi imaimba ndi ng'oma. Za kudambwe zili ndi eni ake ndipo sasunga pamsewu. Komanso gule wamkulu UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndi chikhalidwe chathu, kuno ku Mbare ndi ku Mufakose akuvinidwa mpaka lero

Mayi a ku Highfield: Kaya anamuzindikira ndani, ine ndanena zanga

Bambo a ku Glen View: Nonse mukuiwala thumba la maliro. Chaka chatha tinavutika bwanji kunyamula thupi kudutsa pa Nyamapanda, Tete mpaka pa boda ya Dedza, tinachita kukongola ndipo ngongoleyo sinathe. Ndalamazi zikhale kaye m'thumba

Mlembi: Bambo, madala ananena okha kuti ndi za chitukuko kumudzi, sitingazisinthe ife

Wapampando: Abale tatalikitsa. Tiyeni tivote, amene akufuna dimba alembe 1, chisakasa alembe 2, titseka Lamlungu madzulo

Achemwali a ku Dzivarasekwa: 2

Mayi a ku Highfield: 1

Amalume a ku Epworth: A pampando ine sindivota, ngakhale dimbalo ndikulifuna ndi mtima wonse. Tivota lero, mawa ndalama zipita m'manja mwa ndani? Ngati ndi komiti yomwe ija inalandira simenti ndiye pampu tidzaionanso pa chithunzi. Ine ndikuti pampu ikagulidwe ku Lilongwe ndi anthu awiri ochokera kuno, risiti iikidwe pano tsiku lomwelo, ikaperekedwe kwa amayiwo pamaso pa a mfumu anthu onse akuona, ndipo malo a dimbawo a mfumu alembe pa pepala kuti ndi a gulu, chifukwa ndikudziwa za kwathu, matimati akadzayamba kupsa padzapezeka wina wonena kuti dambo limeneli linali la agogo ake. Madalawa agulitsa galimoto yomwe amapitira kuchipatala, ine sindingalole kuti thukuta lawo lithere pakhonde la munthu

Msungichuma: Tsamba mukulifunalo mulibe m'buku, ndayang'ana. Buku lakale linatsala kwa amene anali pampando nthawi imeneyo

Wapampando: Nkhani imeneyo tisaikambire pano chonde, munthuyo ndi wamkulu ndipo akudwala

Amalume a ku Epworth: Kudwala tikupepesa ndipo tikawazonda, koma buku silikudwala. Nyumba yawo ndikuidziwa, Loweruka ndikwera kombi ndikalitenga ndekha mwaulemu. Ndani andiperekeze?

Mnyamata wa ku Mbare: Ine amalume, tikumane pa Mbare Musika 9 koloko

Bambo a ku Glen View: Nanga za ngongole ya maliro zija bwanji, palibe wandiyankha