Atsikana akatha msinkhu amasiyiranji masewera?

Mayi Nabanda, mphunzitsi, Dedza:

Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ndipo ndakhala ndikuyang'anira timu ya mpira wamanja kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chakuti atsikana a Sitandade 5 ndi 6 amathamangira okha kubwalo, amasewera fulaye ndi jingo mpaka belu kulira, koma akangofika Sitandade 7 kapena 8 ambiri amayamba kukhala pansi pa mtengo wa mango n'kumangoonerera anzawo. Chaka chino mtsikana amene ankatiponyera zigoli zambiri anabwera kwa ine atavula nsapato zake zamasewera, nati chapansipansi, "Aphunzitsi, ine ndakula," ndipo kuyambira tsikulo sanapondenso pabwalo. Makolo ndi aphunzitsi anzanga, kodi chimawabweza m'mbuyo n'chiyani, nanga inu munachita zotani kuti ana oterewa abwererenso?

Bambo Phiri, Kasungu:

Aphunzitsi, ine ndili ndi ana aakazi atatu, ndipo ndikuona kuti tisafulumire kunena kuti atsikanawa salimbitsa thupi. Mwana wanga wamkulu amadzuka kusanache, amasesa pakhomo, amapita kumjigo kawiri ndi ndowa ya malita 20 pamutu, kenako amayenda ulendo wautali kupita kusukulu. Akaweruka pamakhala nkhuni, kuchigayo ndi kuphika, pamene mchimwene wake amangoponya chikwama n'kuthamangira kumpira. Ndikuvomereza kuti vutoli tinalipanga ndife makolo, chifukwa sitigawa ntchito mofanana, koma mwana wotopa chotere simungamudzudzule akakana kuthamanga masana.

Mayi Nachisale, namwino, Zomba:

Bambo Phiri anena zoona, komabe kusenza madzi ndi kusewera si chinthu chimodzi. Katundu wolemera amatopetsa khosi ndi msana, pamene masewera amalimbitsa mtima ndi mafupa pa msinkhu umene thupi likukula mofulumira, ndiponso amampatsa mwana anzake ndi chimwemwe.

Koma mawu aja akuti "ndakula" ndikuwamva bwino, chifukwa atsikana ambiri amene ndimacheza nawo kuchipatala amatanthauza msambo. Mtsikana amene akugwiritsa ntchito kansanza kamene angakapinde m'chiuno sangadumphe momasuka pamaso pa anyamata, popeza mtima wake wonse uli poopa kuti kagwa kapena diresi lithimbirira. Ndinaonapo mwana wina akusewera atamanga juzi m'chiuno kunja kukutentha kwambiri, ndipo mpira ukabwera m'mwamba ankangousiya kuti udutse. Boma linachotsa msonkho wa VAT pa mapadi mu 2022, koma kwa banja limene likuvutika kupeza ufa mtengo wake udakali wokwera. Palinso nkhani ya mabere amene ayamba kukula, imene anthu sakonda kuitchula: kuthamanga popanda kamisolo kogwira bwino kumapweteka ndiponso kumachititsa manyazi. Kumene ndaona zinthu zikusintha ndi kumene amayi a Mother Group amasoka mapadi ochapa, ndipo sukulu ili ndi chimbudzi chotsekeka chokhala ndi madzi ndi sopo. Komanso tiziwauza atsikanawa momveka kuti kusewera ali kumwezi sikuvulaza, ndipo kwa ambiri kumachepetsako kupweteka kwa m'mimba.

Nangozo, Lilongwe:

Ine ndinasiya mpira wamiyendo ndili ndi zaka 14, osati chifukwa cha kutopa koma chifukwa cha pakamwa pa anthu. Azakhali anandilangiza kuti namwali sayenera kutambasula miyendo pagulu, ndipo anyamata amene ankaima m'mbali mwa bwalo ankakuwa za thupi langa m'malo mwa mpira umene ndinkasewera. Tisaiwale kuti kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo linkaletsa akazi kuvala mathalauza m'dziko muno, choncho agogo ndi amayi ambiri amene akulera atsikanawa anakula akudziwa kuti kabudula pa mkazi ndi chipongwe. Maganizo amenewo sanathe tsiku limene lamulolo linachotsedwa.

Chimene chikuthandiza masiku ano ndi chakuti pali akazi oti n'kuwalozera. Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015. Timu ya dziko lino ya mpira wamiyendo ya akazi, Scorchers, inatenga chikho cha COSAFA cha mayiko a kummwera kwa Africa mu 2023 itagonjetsa Zambia, ndipo Temwa Chawinga, amene iye ndi mkulu wake Tabitha anachokera ku Rumphi, anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024. Mwana wanga wamkazi atafuna kuyamba mpira, mayina amenewa ndi amene anafewetsa mtima wa agogo ake. Langizo langa, aphunzitsi, ndi lakuti musayambe ndi mtsikanayo; pitani kaye kwa mayi ake ndi anankungwi a m'mudzimo, chifukwa mawu amene anakuuzaniwo sanawapeke yekha.

Mayi Nabanda, mphunzitsi, Dedza:

Zikomo kwambiri nonse. Mwanditsegula maso pa chinthu chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku osachiganizira: bwalo lathu la mpira wamanja lili m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi pamene akabaza amaima, ndipo zimbudzi za atsikana zilibe zitseko. Lolemba ndikapempha aphunzitsi aakulu kuti tisamutsire mapolo kuseri kwa makalasi ndiponso kuti tizisewera nthawi yopuma m'malo modikira kuweruka, kuti ana asamachedwe ku ntchito zakunyumba. Mayi ake a mtsikana uja ndimapemphera nawo limodzi, ndipo ndikawaona Lamulungu lino tikatuluka m'tchalitchi.