17 yatha maulendo 20 osatuluka, ndiisiye?

Membala wobisa dzina: Adimini ndibiseni chonde, alamu anga ali m'gulu momuno. Zaka ziwiri tsopano ndimalemba manambala a lotale m'kope. Otuluka pafupipafupi, aja amati otentha, ndimalemba ndi cholembera chofiira, ozizira ndi chabuluu. Tsono 17 yatha maulendo 20 osaoneka, ine ndimaiika pa tikiti iliyonse poti nthawi yake yakwana. Sabata yatha akazi anga anapeza kopelo, anathothola masamba atatu n'kulembapo zokagula, pano akungondiyankha "eya" ndi "ayi". Alamu omwe ndinawakongoza ndalama chaka chatha osabweza ndiwo akuseka kwambiri. Foni nayo inagwera m'madzi, zithunzi za zotsatira zinapita. Ndiye nditsate otentha kapena ochedwa? Musandinyoze, BP ndi yokwera kale.

Katswiri wa Manambala: ACHIMWENE 17 MUSAISIYE! Mukangoisiya lero, mawa ituluka, mudzalira. Njira yanga ndi otentha atatu, ochedwa awiri, imodzi ya kumaloto. Zaka 9 ndili pa zimenezi.

Mnyamata Wanthabwala: Zaka 9, nanga galimoto mwaimika kuti bwana?

Katswiri wa Manambala: NSANJE. Ndinalasapo manambala anayi kawiri konse.

Aphunzitsi Opuma: Bambo, simunatiuze kuti mumasewera iti. Mumasankha manambala angati mwa angati? Tingoyerekeza ija ya 6 mwa 49. Nambala iliyonse imatuluka pafupifupi kamodzi pa maulendo 8, koma siisunga nthawi ayi. Mukawerengetsa, pa maulendo 20 pamakhala manambala atatu kapena anayi omwe sanaonekeko n'komwe. 17 yanu ndi imodzi mwa amenewo basi. Timipira tonse timabwezedwa m'makina ulendo uliwonse, ndipo kampira sikadziwa zoti kali nanu ngongole.

Katswiri wa Manambala: MASAMU A M'KALASI AMENEWO. Nambala singabisale mpaka kale!

Aphunzitsi Opuma: Ku Italy ankateronso ndi 53 pa lotale ya ku Venice. Inasowa kuyambira May 2003 mpaka February 2005, maulendo 182. Anthu ankawonjezerawonjezera ndalama poti "yatsala pang'ono", mabanja ena anatsala pa ngongole zosaneneka.

Katswiri wa Manambala: KOMA INATULUKA! Mwavomera nokha aphunzitsi.

Mlongo mwa Ambuye: Juga ndi juga abale, kaya cholembera ndi chofiira kaya chabuluu. Lapani.

Mayi wa Mapasa: Nonse muli pa timipira, palibe wafunsa kuti ndalama za matikitizo zikuchokera kuti. Mkazi sangothothola kope chabe. Anga anayambanso chonchi, kakope ka m'thumba, usiku kumangolemba timizere. Ine ndinadziwira pa kalata ya ngongole yomwe ndinaipeza m'jekete ndikufuna kuchapa, atapinda kanayi. Bambo, patsamba lomaliza lembani zomwe mwaponya ndi zomwe mwapata zaka ziwirizi, muwaonetse mayiwo.

Katswiri wa Manambala: Nkhani za m'banja ku gulu lina mayi. PANO NDI ZA MANAMBALA.

Mayi wa Mapasa: Anayambitsa za m'banja ndi mwini funso, werengani bwino.

Wa Otentha: Ine za ochedwa ayi, ndimatsata otentha. Ku Bulgaria mu September 2009 manambala onse 6 anatuluka omwewo maulendo awiri otsatizana. Mukatero mutinji?

Aphunzitsi Opuma: Zinachitikadi, ndipo ulendo wachiwiriwo anawina anthu 18, n'kugawana mpaka aliyense kutsala ndi kochepa. Apa ndiye pokhapo pomwe kasankhidwe kali ndi ntchito. Pa 6 mwa 49 tikiti iliyonse ili ndi mwayi umodzi pa 13,983,816, kaya ndi ya kumaloto kaya yakusankhirani makina. Koma ambiri amaika masiku obadwa, omwe sapitirira 31, ena amaika ondondozana. Ku South Africa mu December 2020 kunatuluka 5, 6, 7, 8, 9 ndi 10, jakipoti anagawana anthu 20. Kupewa zomwe aliyense amakonda sikukuwinitsani, kumangochepetsa ogawana nawo.

Wokonza Mafoni: Zithunzi zija mwina zili pa Google Photos. Lowani ndi imelo yomweyo pa foni ina.

Mwayi Weniweni: Ndili ndi manambala otsimikizika a Loweruka, ku inbox.

Mnyamata Wanthabwala: Ali nawo koma akufuna awine ndife. Mtima wabwino ngati uwu sindinauone.

Katswiri wa Manambala: Ameneyo ndi wakuba, INE NDIMAPHUNZITSA ULERE. Achimwene onjezaninso 33, ikuzizira mokayikitsa.

Aphunzitsi Opuma: Bambo ofunsa, ndikudikirabe. Mumasewera iti, ndipo pa sabata mumaponya zingati?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, zithunzi ndazipeza. 33 ndailemba. Adimini fufutani msanga, alamu andizindikira, angondiimbira kumene.