Ndiike mawaya a m'mano ndili woyembekezera kapena ndidikire?

Moni nonse a pagulu pano. Ndikulemba kuchokera ku Mangochi, ndikupempha nzeru kwa amene munadutsamo komanso odziwa za mano.

Ndili ndi zaka 32. Mano anga am'mwamba anatulukira kunja, am'munsi anakwerana moti zakudya zimatsaliramo ngakhale nditsuke bwanji. Chiyambire ku sekondale ndimaseka nditaphimba pakamwa. Ndakhala ndikusunga ndalama ku banki m'khonde kuti ndiike mawaya owongolera mano. Dokotala amene ndinakaonana naye ku Blantyre anati msinkhu si vuto, mano amasuntha ngakhale munthu atakula bola nkhama ndi fupa zili bwino, kungoti zimatenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Anati adzayamba wandijambula X-ray, mwina adzazulapo mano awiri kuti enawo apeze malo, kenako ndizipitako pafupifupi mwezi uliwonse kukamangitsa.

Tisanayambe n'komwe, ndapezeka kuti ndili ndi pakati pa miyezi itatu. Ndakondwa ndithu, koma mutu waima. M'mawa ndikumasanza, nkhama zikutuluka magazi ndikamatsuka. Apongozi akuti ndisayerekeze kugwiritsa dzino, ati mwana amayamwa mphamvu ya m'mano mwa mayi ake. Bambo akunyumba akudandaula za ulendo wa minibasi kudzera ku Liwonde ndi Zomba mwezi ndi mwezi mimba ikukula. Ine nkhawa yanga ndi ndalamazi. Zinthu zikungokwera, ndipo mwana akabadwa ndikudziwa kuti zidzathera kwa iye. Kodi ndiyambe? X-ray siingapweteke mwana? Palinso wina pa Facebook akuti amaika motchipa kunyumba kwake.

Mayi wa ku Namwera: Achemwali, ine ndinatenga pakati mawaya ndili nawo kale mkamwa. Sanandichotse, ndinapitiriza mpaka kuchira, mwana ali bwinobwino. Koma ndisakunamizeni, nkhama zinatupa kwambiri. Akangomanga, masiku oyambawo ngakhale nsima imavuta, ndinkangodya phala ndi nthochi. Nzimbe, chimanga chootcha, mtedza wokazinga ndi malambe muiwale, zimathothola tizitsulo timene amamata pa mano kuti tigwire wayayo. Mango muzichita kudula ndi mpeni, ndipo ulusi wake umakola m'mawaya. Munthu woyembekezera afunika kudya bwino. Ndikanakhala kuti sindinayambe, ndikanadikira.

Wogwira ntchito ya mano: Amayi, mawaya paokha sapweteka mwana, sagwiritsa ntchito mankhwala olowa m'magazi. X-ray ya mano mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, ndipo ngati dzino likuwawa kapena pali chotupa timajambula ndithu munthu ali woyembekezera. Koma kuwongola mano si matenda a mwadzidzidzi, n'chifukwa chake madokotala ambiri amasiya kujambula ndi kuzula mano abwinobwino mpaka mayi achire.

Chondidetsa nkhawa ine ndi nkhama zanuzo. Pa mimba mahomoni amachititsa nkhama kutupa msanga zikakumana ndi litsiro, ndipo mawaya amaonjezera malo obisalamo litsirolo. Mukaphatikiza ndi kusanza, asidi wa m'mimba amadya khungu lolimba la dzino, mawaya podzachoka mungapeze madontho oyera osachoka. Mukasanza musathamangire mswachi. Chukuchani ndi madzi, kapena kapu ya madzi yothira sipuni yaing'ono ya soda wophikira, mulavule, mudikire theka la ola kenako mutsuke ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride wolimbitsa mano.

Zoti mwana amayamwa mano si zoona. Kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa ndi mano, amachokera mu zakudya, akachepa thupi limatenga m'mafupa, osati m'mano. Usipa wodya ndi minga yomwe ukuthandizani, kwanuko ndiye kuchimake. Apongozi muwafotokozere mwaulemu kuti kutsukitsa mano ndi kumata obowoka kumaloledwa, nthawi yabwino ndi mwezi wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi. Pa ululu, Panado ndi amene amaloledwa, Brufen mupewe makamaka mimba ikapitirira masabata 20, ndipo muzifunsa kaye kusikelo.

Wa pa Facebook uja musapiteko. Waya womangidwa mosadziwa umakankha dzino mpaka kugwedera. Woika mawaya akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi.

Bambo wa ku Monkey Bay: Mlongo, muwerengenso ndalama za mayendedwe a zaka ziwiri, kuphatikiza retainer, chogwirira mano chimene mumavala akachotsa mawaya. Mukapanda kuivala mano amabwerera pomwe anali. Mkazi wanga anaika ali ndi zaka 38, ndiye simunachedwe.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, mtima wakhalako pansi. Ndiyamba ndi kukaonetsa nkhamazi ku chipatala cha boma konkuno, ndipo ndimuimbira dokotala wa ku Blantyre kumuuza za mimbayi. Ndalamazo sindizikhudza, ndazivutikira. Funso latsala ndi ili: ndikachira, ndingayambe ndikuyamwitsa, kapena mankhwala ochititsa dzanzi pozula dzino amalowa mu mkaka? Amene munayamba mwana ali kubere, ulendo wa Blantyre munkayenda naye bwanji?