Browser ikuchedwa pa kompyuta ya pakhomo, ndithandizeni nzeru

Moni nonse abale anga. Ndili kuno ku Chitakale, ku Mulanje. Browser ya pa kompyuta yathu yayamba kuchedwa modetsa nkhawa. Ndikatsegula ma tab angapo, kachizindikiro kamangozungulira, fani n'kumalira, ndipo zilembo zimatuluka nditamaliza kale kulemba. Netiweki si vuto, chifukwa foni imene ndimalumikizira hotspot imatsegula masamba omwewo msangamsanga.

Ndafufuta cache, ndachotsanso ma extension, koma sizinasinthe kwenikweni. Pa Task Manager, memory imakhala itatsala pang'ono kudzaza. Kompyutayi ili ndi Windows 10, RAM ya 4GB ndi hard disk yakale. Kodi ndiwonjezere RAM kapena ndiyambe ndagula SSD? Ndalama sizingakwane zonse ziwiri. Mwana wanga amawerengerapo pokonzekera mayeso a MSCE, ndiye chonde amene munakumanapo nazo ndiuzeni chimene chinakuthandizani.